Digiri ya mbali ziwiri: kuphunzira sayansi pamodzi ndi maphunziro a za anthu

M'mayunivesite ambiri a pa dziko lapansi, wophunzira akamalowa amapeza zipata ziwiri. Chipata china n'cha sayansi, komwe kuli masamu, fizikisi, kemisitiri, bayoloje ndi zamakompyuta, ndipo wodzera kumeneko amatuluka ndi digiri yotchedwa Bachelor of Science. Chinacho n'cha maphunziro a za anthu, monga mbiri yakale, ziyankhulo, zolembalemba, filosofi, zachipembedzo, nyimbo ndi zisudzo, ndipo digiri yake ndi Bachelor of Arts. Koma pali mayunivesite ena, ochepa ndithu, amene anaboola chipata chachitatu pakati pa ziwirizi. Wodzera pamenepo amaphunzira mbali zonse ziwiri ndi kulandira digiri imodzi yotchedwa Bachelor of Arts and Sciences, mwachidule BASc, ngakhale kuti kalembedwe ka dzinali kamasiyanako malinga ndi dziko.

Mawu akuti Arts amasokoneza anthu ambiri. Ena akawamva amaganiza za kujambula, kusema ziboliboli kapena kuimba basi. M'chiyankhulo cha kuyunivesite mawuwa ndi otambalala: amakuta maphunziro onse ofufuza zimene anthu amaganiza, amalemba, amakhulupirira ndi kuchita, ndipo m'malo ambiri amakutanso zachuma, ndale ndi kakhalidwe ka magulu a anthu. Choncho wophunzira wa digiri yophatikizayi akhoza kukhala m'labotale m'mawa akuyeza mphamvu ya asidi, masana n'kupezeka m'kalasi momwe anzake akukangana za tanthauzo la chilungamo.

Kuunjika maphunziro a mbali ziwiri m'thumba limodzi n'kosavuta. Chovuta, chomwenso chimasiyanitsa digiri yabwino ya mtunduwu ndi yongovala dzina, ndi zinthu ziwiri: kukhala ndi chingwe chomanga mbali ziwirizo kuti zisakhale zoyenda payokhapayokha, ndiponso kumulola wophunzira kuti azame kwenikweni pa phunziro limodzi. Pamene chimodzi mwa izi chasowa, wophunzira amataya zaka ndi ndalama.

Mmene mpanda unamangidwira

Kulekana kwa sayansi ndi maphunziro a za anthu si kwa makedzana ayi. M'mayunivesite akale a ku Ulaya, monga a Paris ndi Oxford m'zaka za m'ma 1200 ndi 1300, mnyamata asanayambe zachipembedzo, zamalamulo kapena zaudokotala ankayamba wadutsa m'maphunziro asanu ndi awiri. Atatu anali okhudza mawu: galamala, kuganiza motsata ndondomeko, ndi luso loyankhula mokopa anthu. Anayi anali okhudza manambala: kuwerengetsa, kuyeza maonekedwe a zinthu, nyimbo, ndi kayendedwe ka nyenyezi. Nyimbo ankaziika m'gulu la masamu chifukwa chimene ankaphunzira chinali kugwirizana kwa manambala kumene kumachititsa kuti mawu awiri amveke bwino akalira pamodzi. Onse asanu ndi awiriwa ndi amene ankatchedwa Arts. Chizindikiro cha nthawi imeneyo chikadalipo mpaka lero: ku Cambridge, munthu amene waphunzira fizikisi kapena kemisitiri kwa zaka zitatu amalandira Bachelor of Arts.

Mpanda unayamba kukwera m'zaka za m'ma 1800, pamene sayansi inakula mofulumira ndi kufuna nyumba zakezake, zipangizo zakezake ndi ndalama zakezake. Ngakhale liwu la Chingerezi lotchulira katswiri wa sayansi ndi la nthawi yomweyo. Analipeka ndi William Whewell wa ku Cambridge m'chaka cha 1833. Yunivesite ya London inayamba kupereka digiri ya Bachelor of Science mu 1860, ndipo inali yoyamba kutero ku Britain. Kuchokera apo nthambi iliyonse inayamba kulera ana ake. Ku England kulekanaku kunatsikira mpaka kusekondale: mayeso a A-level, omwe anayamba mu 1951, amachititsa mwana wa zaka 16 kusankha maphunziro atatu kapena anayi okha, ndipo amene wasiya masamu pa msinkhu umenewo kawirikawiri amakhala kuti wawasiyiratu.

Amene anautchula vutoli dzina lomwe linamera mizu ndi C. P. Snow, munthu yemwe anayamba ngati katswiri wa kemisitiri ndi fizikisi koma anatchuka ndi kulemba mabuku a nthano zazitali. Pa 7 May 1959 anakamba nkhani ku Cambridge yomwe pambuyo pake inasindikizidwa ndi mutu wakuti The Two Cultures and the Scientific Revolution. Iye anadandaula kuti anthu ophunzira a kumayiko a azungu agawika m'mitundu iwiri yosamvana chiyankhulo. Anafotokoza kuti akakhala pakati pa akatswiri a zolembalemba, omwe ankaseka umbuli wa asayansi, ankawafunsa ngati angathe kulongosola lamulo lachiwiri la sayansi ya kutentha, lija lonena chifukwa chimene kutentha kumachokera pa chinthu chotentha kupita pa chozizira osati mobwerera. Yankho linkakhala lozizira. Komatu kwa Snow, kusadziwa lamulo limeneli kunali kofanana ndi kusawerengapo buku lililonse la Shakespeare.

Mbali ya nkhani ya Snow imene ambiri amaiwala ndi yomaliza, yokhudza mayiko olemera ndi osauka. Kwa iye kugawikanaku kunali ndi mtengo wake: olamulira osamvetsa sayansi sangaone mmene ingachotsere njala ndi matenda, pamene asayansi osalowa m'mabwalo a ulamuliro sangafikitse nzeru zawo kumene zikufunika. Si onse anagwirizana naye. Mu 1962 katswiri wa zolembalemba F. R. Leavis anamuyankha mwaukali wosabisa, mpaka kunyoza mabuku ake a nthano. Mkanganowo unangotsimikizira kuti mpanda ulipodi.

Chodabwitsa n'chakuti Snow asanayankhule n'komwe, ena anali atayamba kale kuugwetsa. Koleji ya North Staffordshire, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 1950 ndipo inasanduka Yunivesite ya Keele mu 1962, inakhazikitsidwa ndi A. D. Lindsay ndi cholinga chimenechi. Digiri yake inali ya zaka zinayi m'malo mwa zitatu. Chaka choyamba ophunzira onse ankamvera limodzi maphunziro a nthambi zonse, kuyambira za nyenyezi mpaka za mbiri ya anthu, ndipo pambuyo pake wa sayansi ankayenera kutengako phunziro la mbali inayo, chimodzimodzinso mnzake. M'kupita kwa nthawi chaka chapaderacho chinasiya kukhala cha aliyense. Chaka choonjezera chimafuna wochilipira, ndipo funso limeneli silinachoke pa madigiri ophatikiza kufikira lero.

Mitundu itatu yosafanana

Munthu wofuna maphunzirowa ayenera kudziwa kuti pansi pa mayina ofanana pali zinthu zitatu zosiyana.

Mtundu woyamba ndi wa madigiri awiri ophunziridwa nthawi imodzi. Umenewu ndi wofala ku Australia. Ku Yunivesite ya Monash mumzinda wa Melbourne, mwachitsanzo, digiri ya sayansi payokha imatenga zaka zitatu ndipo ya Arts imatenganso zitatu, koma woziphatikiza amamaliza zonse m'zaka zinayi, popeza maphunziro a mbali ina amawerengedwa ngati osankha mwaufulu a mbali inayo. Pamapeto pake amalandira madigiri awiri. Ubwino wake ndi woti wolemba ntchito aliyense amawazindikira. Kuipa kwake n'kwakuti ntchito yolumikiza mbali ziwirizo imatsala m'manja mwa wophunzira yekha.

Mtundu wachiwiri ndi digiri imodzi yokhala ndi maphunziro aakulu awiri. Ku Stanford, m'dziko la America, amene wakwaniritsa zofunika za phunziro lalikulu la mbali ya sayansi ndi lina la mbali ya Arts akhoza kulandira digiri imodzi ya Bachelor of Arts and Sciences pa mayunitsi 180, omwe ndi muyezo wa digiri ina iliyonse pasukulupo; wofuna madigiri awiri osiyana amafunika mayunitsi 225. Yunivesite ya McGill ku Montreal, m'dziko la Canada, inayamba digiri yotere mu 2005. Kumeneko wophunzira amatha kutenga phunziro lalikulu limodzi kumbali iliyonse, kapena kulowa m'maphunziro omwe mwachibadwa ali pamalire, monga ofufuza mmene ubongo ndi maganizo zimagwirira ntchito, kapena a zachilengedwe.

Mtundu wachitatu ndi umene unakonzedwa kuchokera pa maziko kuti ukhale wophatikiza, wokhala ndi maphunziro akeake apakati omwe wophunzira aliyense amadutsamo. Chitsanzo chakale ndi cha Yunivesite ya McMaster mumzinda wa Hamilton ku Canada, chomwe chinayamba mu 1981 motsogozedwa ndi Herb Jenkins, katswiri wa za maganizo a anthu. Chaka chilichonse amalandira ophunzira makumi asanu ndi limodzi kapena kuposerapo pang'ono, ndipo kuchepako n'kwadala. Onse amaphunzira limodzi masamu a calculus, fizikisi, kalembedwe, kapangidwe ka mfundo zogwira mtima, zolembalemba, ndi phunziro lofufuza mavuto aakulu a dziko lapansi. Amene akufuna amaonjezerapo phunziro limodzi loti azamepo, kaya ndi bayoloje, zachuma kapena filosofi.

Chitsanzo cha ku London

Digiri imene yachititsa kuti dzina la BASc limveke kwambiri m'zaka zaposachedwa ndi ya University College London, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2012. Mtsogoleri wake woyamba anali Carl Gombrich, munthu amene anaphunzira masamu, fizikisi ndi filosofi, komanso anaimbapo nyimbo za opera ngati ntchito. Kakonzedwe kake n'koyenera kukaona mwatsatanetsatane chifukwa kakusonyeza mmene anthu anayesera kuyankha mafunso awiri aja, la chingwe ndi la kuzama.

Maphunziro anagawidwa m'njira zinayi. Ziwiri zinali za mbali ya anthu: ya zikhalidwe, momwe muli ziyankhulo, zolembalemba, mafilimu ndi mbiri ya zaluso, ndi ya kakhalidwe ka magulu a anthu, momwe muli zachuma, ndale, malamulo ndi jogalafe. Ziwiri zinali za mbali ya sayansi: ya zaumoyo ndi zachilengedwe, ndi ya sayansi ndi uinjiniya. Wophunzira amasankha njira yaikulu imodzi ndi yaing'ono imodzi, koma lamulo ndi lakuti ziwirizo zisachokere mbali imodzi. Amene njira yake yaikulu ndi ya zikhalidwe ayenera kutenga yaing'ono kumbali ya sayansi. Amene yaikulu ndi ya uinjiniya ayenera kuwolokera kwa anthu. Lamulo limeneli ndilo mtima wa digiriyi. Popanda ilo, aliyense akanathawira kumene amakhoza kale.

Pakati pa njirazi pali maphunziro a onse. Loyamba limafunsa funso lomwe mayunivesite ambiri safunsa: kodi nthambi zosiyanasiyana zimadziwa bwanji kuti chinthu n'choona? Wa fizikisi amakhulupirira chimene chayezedwa mobwerezabwereza n'kutuluka chimodzimodzi. Wa mbiri yakale sangabwereze nkhondo ya dzana, choncho amadalira kuyerekeza zikalata ndi kufunsa kuti analemba ndani, pofuna chiyani. Wa malamulo ali ndi muyezo wakenso wa umboni. Wophunzira amene waziona njirazi zili pambalipambali sakhala wofulumira kunyoza ya mnzake. Kenaka pali phunziro la manambala ndi kusanthula ziwerengero, lomwe wokonda ndakatulo sangalizembe, ndi la njira zochitira kafukufuku pofunsa anthu, lomwe wokonda masamu sangalithawe. Aliyense amaphunziranso chiyankhulo chachilendo chaka chilichonse. Amalimbikitsidwa kukagwirako ntchito pakampani kapena bungwe akamaliza chaka chachiwiri, ndipo m'chaka chomaliza amalemba kafukufuku wakewake ndi kugwira ntchito ya pagulu yothetsa vuto lenileni limene bungwe lakunja labweretsa. Digiriyi ndi ya zaka zitatu, kapena zinayi kwa amene akufuna kukaphunzirako chaka chimodzi kudziko lina.

Gombrich pambuyo pake anapita kukathandiza kuyambitsa London Interdisciplinary School, sukulu yatsopano yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2021 kum'mawa kwa mzindawo. Kumeneko anafika patali: mulibe nthambi za maphunziro monga tizidziwira. Ophunzira amapatsidwa vuto, monga kusiyana kwa olemera ndi osauka kapena kusintha kwa nyengo, ndipo amaphunzira njira za masamu ndi za mawu zimene vutolo likufuna. Kaya imeneyi ndi nzeru kapena kupyola muyezo, zidzaoneka ndi kumene omaliza ake adzafike.

Ku Netherlands zinayenda mwanjira ina. Kuyambira ndi University College Utrecht mu 1998, mayunivesite akuluakulu a dzikolo anatsegula makoleji ang'onoang'ono ophunzitsa m'Chingerezi, monga a ku Maastricht ndi Amsterdam, momwe wophunzira amadzikonzera yekha njira yake pakati pa sayansi, zachikhalidwe ndi zamagulu a anthu m'zaka zitatu. Mu Africa, chitsanzo choyandikira ndi Yunivesite ya Ashesi ku Ghana, yomwe Patrick Awuah anaitsegula mu 2002 atasiya ntchito ku Microsoft. Ena mwa madigiri ake ndi a bizinesi, makompyuta ndi uinjiniya, koma wophunzira aliyense amadutsa m'maphunziro apakati a kalembedwe, utsogoleri, umunthu pantchito ndi za Africa.

Phindu lake lili pati?

Oikira kumbuyo digiriyi amanena kuti mavuto enieni sabwera atagawidwa m'nthambi. Chitsanzo chimene chimamveka bwino ndi mliri wa Ebola womwe unapha anthu oposa 11,000 ku Guinea, Liberia ndi Sierra Leone pakati pa 2014 ndi 2016. Asayansi ankadziwa kuti mtembo wa munthu wofa ndi nthendayi ndi woopsa kwambiri, ndipo ambiri ankaitenga posambitsa ndi kukhudza malemu. Njira yoyamba inali yoti anthu ovala zodzitetezera azinyamula mitembo ndi kukaiika mwachangu, abale ali patali. Mabanja ena anayamba kubisa odwala ndi kuika maliro mwamseri, ndipo nthendayo inapitirira kufala. Zinthu zinayamba kusintha pamene akatswiri a zachikhalidwe, atsogoleri a zipembedzo ndi mafumu anamvedwa, ndipo mu November 2014 bungwe la World Health Organization linatulutsa ndondomeko ya maliro otetezeka komanso aulemu, yolola abale kuonerera ali pamalo otetezeka ndi kupemphera monga mwa chikhulupiriro chawo. Sayansi ya kachilomboko sinasinthe. Chimene chinaonjezeka ndi kumvetsa tanthauzo la maliro kwa anthu ofedwa.

Nkhani zotere n'zambiri. Kulosera kumene namondwe adzadutse ndi ntchito ya masamu ndi makompyuta, koma kuchititsa banja kuti lisiye nyumba ndi mbuzi zake n'kuthawira kusukulu kumafuna wodziwa chiyankhulo, nkhani za malo ndi amene anthuwo amamukhulupirira. Aliyense amene anaona zimene namondwe wa Freddy anachita m'chigawo cha kummwera mu March 2023 akudziwa kuti chenjezo ndi kusamuka ndi zinthu ziwiri. Chimodzimodzinso pa makompyuta amene masiku ano akulemba ndi kuyankha ngati anthu: kuwapanga ndi uinjiniya, koma kugamula kuti aziloledwa kuchita ziti ndi nkhani ya malamulo ndi filosofi.

Apa pafunika chilungamo. Zitsanzozi zikutsimikiza kuti akatswiri a mbali ziwiri ayenera kugwirira ntchito limodzi. Sizikutsimikiza kuti munthu mmodzi ayenera kukhala ndi mbali zonse ziwiri. Dokotala wabwino ndi katswiri wa zachikhalidwe wabwino akhoza kukhala pa tebulo limodzi n'kumvana. Chimene womaliza digiri yophatikiza amabweretsa ndi chochepa kuposa zimene zikalata zoitanira ophunzira zimalonjeza, komabe n'chofunika: amatha kuwerenga lipoti la ziwerengero popanda mantha, amatha kulemba tsamba limodzi lomveka kwa nduna kapena kwa mfumu, ndipo amazindikira msanga pamene akatswiri awiri akugwiritsa ntchito liwu limodzi koma akutanthauza zosiyana. Ntchito za utolankhani wa sayansi, kukonza mfundo za boma, zaumoyo wa anthu ambiri, zachilengedwe ndi kuyendetsa mabungwe zimafuna munthu wotere.

Zovuta zimene sizilembedwa pachikuto

Vuto loyamba ndi kuzama. Maola a digiri ndi owerengeka, ndipo ola loperekedwa ku filosofi lachotsedwa ku kemisitiri. Mbali ya sayansi ndi imene imapwetekeka kwambiri, chifukwa maphunziro ake ali ngati makwerero: sungafike pa sitepe yachinayi usanaponde yachitatu. Munthu akhoza kulowa m'kalasi ya mbiri ya Africa ya chaka chachitatu asanachite ya chaka chachiwiri, n'kuvutika koma n'kukhoza. M'kalasi ya fizikisi ya chaka chachitatu sizingatheke popanda masamu a zaka ziwiri zam'mbuyo. N'chifukwa chake wofuna kudzapitiriza digiri yachiwiri ya sayansi yeniyeni ayenera kusankha maphunziro ake mosamala kuyambira teremu yoyamba, akuyang'ana zimene sukulu yomwe akufuna kudzapitako imafuna. Amene amangotola chokoma apa ndi apo amadzazindikira m'chaka chomaliza kuti ali ndi zidutswa zambiri zosamanga nyumba.

Vuto lachiwiri ndi ntchito zotetezedwa ndi malamulo. Udokotala, unamwino, uinjiniya ndi zamankhwala zili ndi mabungwe amene amavomereza madigiri ndi kulembetsa ogwira ntchito. Digiri ya BASc, ngakhale itakhala ndi maphunziro ambiri a uinjiniya kapena a zaumoyo, payokha simupatsa munthu chilolezo chotere. Koma kulemera kwa vutoli kumadalira dziko. Ku America ndi ku Canada udokotala ndi zamalamulo zimaphunziridwa munthu atadutsa kale m'maphunziro ena a kuyunivesite, choncho digiri yophatikiza ndi poyambira pabwino, ndipo ambiri omaliza ku McMaster amalowera kumeneko. Njira ya ku America imeneyi ndi imene Dr Hastings Kamuzu Banda anadutsamo: anamaliza digiri yoyamba ku Yunivesite ya Chicago mu 1931 atazama pa mbiri yakale, ndipo udokotala anaumaliza ku Meharry Medical College mu 1937. Ali ku Chicago anathandizanso Mark Hanna Watkins pa kafukufuku amene anabala buku la galamala ya Chichewa. Ku Britain ndi kuno kwathu zinthu n'zosiyana, chifukwa ambiri amayamba udokotala akangochoka kusekondale, ndipo wodzera njira ina amakhala ataonjezera zaka.

Vuto lachitatu n'laling'ono pomva koma lalikulu pokhala nalo. Wophunzira wa digiri yotere amakhala mlendo m'nthambi iliyonse. Ndandanda ya nthawi imakonzedwa poganizira eni nthambi, choncho labotale ya bayoloje ndi kalasi ya Chifalansa zikhoza kugwera ola limodzi. Kalembedwe kamene mphunzitsi wa zolembalemba amayamikira, kokhala ndi mawu a mlembi mwini, mphunzitsi wa kemisitiri amakadula ndi cholembera chofiira. Anzake a m'kalasi amadziwana kuyambira chaka choyamba, iye amangobwera ndi kupita. Madigiri amene akuyenda bwino ndi omwe ali ndi nyumba yawoyawo, aphunzitsi awoawo ndi alangizi okhala pansi ndi wophunzira aliyense posankha maphunziro. Kumene ulangizi uli wofooka, ufulu wosankha umasanduka msampha.

Pomaliza pali wolemba ntchito, amene akaona BSc ya masamu amadziwa chimene wagula, koma akaona BASc amafunsa kuti kwenikweni munthuyu anaphunzira chiyani. Womaliza digiriyi ayenera kukhala ndi yankho lalifupi, ndipo yankho limakhalapo pokhapokha ngati panali phunziro limodzi limene anazamapo ndi kafukufuku womaliza amene angamuonetse.

Kwa wophunzira wa kuno

Mayunivesite a boma m'Malawi amasankha ophunzira kudzera ku National Council for Higher Education, potengera zotsatira za MSCE, ndipo wophunzira amasankhidwira pulogalamu imodzi yodziwika. Ku Yunivesite ya Malawi ku Zomba madigiri a sayansi, a Humanities ndi a Social Science ndi osiyana, ngakhale kuti maphunziro ena monga jogalafe, zachuma ndi za maganizo a anthu amakhala pamalire mwachibadwa chawo, ndipo amafuna manambala ndi mawu omwe. Malawi University of Science and Technology ku Thyolo, yomwe inalandira ophunzira oyamba mu 2014, ili ndi Bingu School of Culture and Heritage pambali pa nthambi za uinjiniya ndi sayansi, momwe mumaphunzitsidwa za nyimbo za mu Africa, ziyankhulo ndi nzeru za makolo. Kukhala pa bwalo limodzi sikufanana ndi kukhala m'digiri imodzi, koma zipangizo zomangira zilipo.

Chisankho chenicheni chimachitika kale kwambiri, pa Fomu 3, pamene ana ambiri amayamba kudzitcha a sayansi kapena a mbali inayo. Mwana amene angafune digiri yophatikiza mtsogolo asataye masamu, ndipo asunge phunziro limodzi lofuna kulemba nkhani zazitali, monga mbiri yakale kapena zolembalemba za Chichewa ndi Chingerezi. Ena mwa madigiri atchulidwa pamwambawa amafuna umboni wakuti wopemphayo amakhoza mbali zonse ziwiri, ndipo malo ake ndi opikisanirana kwambiri. Ku McMaster wopempha amalembanso mayankho a mafunso apadera pambali pa magiredi ake.

Wofuna kupita kunja adziwenso kuti mayunivesite a ku Britain amaiona MSCE ngati yofanana ndi mayeso awo a GCSE, choncho salowetsa nayo munthu mwachindunji m'chaka choyamba. Amafuna A-level, International Baccalaureate kapena chaka chokonzekera. Pa njirazi, International Baccalaureate ndi imene imagwirizana kwambiri ndi digiri yophatikiza, popeza imamukakamiza mwana kutenga maphunziro asanu ndi limodzi kuphatikizapo masamu, sayansi, chiyankhulo ndi phunziro la za anthu. Ndalama nazo n'zambiri: ku London wophunzira wochokera kunja amalipira kuposa kawiri zimene mwana wa dzikolo amalipira, osawerengera malo ogona ndi chakudya. Thandizo lodziwika la Chevening ndi la digiri yachiwiri ya chaka chimodzi, osati yoyamba. Bungwe la Mastercard Foundation lakhala likulipirira ophunzira a mu Africa m'mayunivesite angapo, kuphatikizapo Ashesi ndi McGill, koma madigiri amene limalipirira amasiyana pasukulu iliyonse ndipo amasintha, kotero ndi bwino kufunsa kusukulu komweko chaka chimene munthu akupempha malo.